Yobiriwira Ndiyo Iyambe Kutsika

Ana anga, inu mumandiseka kuti ndimalankhula ngati ndikuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje. Sekani. Munthu amene wakulira pambali pa injini sadziwa kunong'ona. Mawu omwewa, amene mumati amakuchititsani manyazi kutchalitchi, ndi amene anapulumutsa mpunga wa anthu tsiku lina, ndipo ndi omwewonso anatsala pang'ono kukusandutsani ana amasiye bambo wanu ali moyo. Sukulu sindinapite nayo patali, cholembera chimandilemera kuposa sipanala, koma izi ndalemba ndekha kuti pasadzapezeke wina wokuuzani mokhota. Zaka ine sindiziwerenga ndi manambala. Ndimaziwerenga ndi inu.

Chaka chimene anabadwa Esinati

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni inali ku sikimu ya mpunga, kumunsi kwa Salima, kufupi ndi kumene mtsinje umathira m'nyanja. Ndinalowa ngati wokumba ngalande. Tsiku lina bwana wa makina, a Zimba, anandiona nditanyamula mgolo ndekha, nati, "Iwe, dzina lako ndani?" Ndinati, "Yohane Chatsalira, bwana." Iwo anagwira khutu, nati, "Ndamva, usachite kundigonthetsa. Mawa ubwere ku nyumba ya pampu. Mikono imeneyo ikufunika pa handulo, ndipo mawu amenewo adzamveka injini ikulira."

Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati mfumu. Koma mayi anu atamva anakhala pansi, mwana ali kumsana, nati, "Ku pampu? Kwa a Filimoni kuja?"

Mudziwe kuti malo amenewo anali ndi mwini wake. A Filimoni anali munthu wofatsa, wa ana ambiri, ndipo anayendetsa pampu ija kuyambira pamene inabwera. Pampuyo inkakoka madzi mumtsinje n'kuwakankha m'chipaipi chachitali chokwera mtunda, mpaka kukawathira m'ngalande yaikulu. Tsiku lina injini inayamba kutsokomola. A Filimoni, m'mantha, anathamangira kutseka mafuta, geti la madzi lili chitsegukire. Injini itazima, madzi onse amene anali m'chipaipi anabwerera m'mbuyo ndi ukali, anamenya pampu mpaka inang'ambika. Chitsulo chatsopano chinali chochokera kunja kwa dziko. Chinabwera mpunga utauma kale. Ndiye wina anakumbukira kuti a Filimoni anachedwa kugula khadi la chipani chaka chimenecho. Galimoto inabwera masana, anthu akuona, ndipo palibe anafunsa kuti akupita nawo kuti. Masiku amenewo makina akafa, sankafunsa kuti chafa n'chiyani. Ankafunsa kuti wapha ndani.

M'nyumba ya pampu ndinapezamo mnzanga, Che Amidu, Msilamu wa kunyanja amene anasiya ngalawa chifukwa cha chifuwa. Anali wamkulu kwa ine, wowonda, wolankhula pang'ono. Tinkasinthana, wina m'mawa wina masana. A Zimba anatiphunzitsa kuyatsa: uyambe watsegula mafuta, utsegule timipopi ta madzi ozizitsa injini, upukuse handulo injini ilire, ukoke lamba, ndipo pomaliza utsegule geti madzi akwere. Kuyatsa sikunali kovuta. Chovuta chinali chakuti makina safa pamalo amodzi. Lero afera pa handulo, mawa afera lamba atakoka kale, mkuja afera madzi ali pakati pa phiri. Buku la a Zimba linali ndi njira yakeyake pa imfa iliyonse: ikafera apa uchite chakuti, ikafera apo uchite chakutichakuti. Ankatiwerengera m'Chingerezi n'kumamasulira, thukuta lili chuchuchu, chifukwa nawonso ankadziwa kuti galimoto ija inali ndi malo a anthu ambiri. Ine ndinkagwedeza mutu. Koma injini ikangosintha mawu, zonse zinkauluka, m'mutu n'kutsala a Filimoni okha. Ndinkadya osakhuta. Ndikamva galimoto ikubwera mumsewu wa sikimu, ndinkasuzumira pakhomo kuona kumene ikulowera.

Chaka chimene anabadwa Limbani

Nzeru ya mphete inali yanga. Che Amidu mpaka imfa yawo ankati inali yawo, koma musawamvere, Mulungu awapumitse. Iwo anangobweretsa nsomba.

Anabwera tsiku lina ndi chambo chotunga pa luzi, choti tigawane. Ine ndinaloza nsomba yaikulu, imene inali pansi penipeni pa mfundo. Iwo anati, "Che Yohane, imeneyo ndinayamba kutunga. Mukaifuna mudikire zinzake zichoke. Nsomba yotsiriza kulowa ndiyo iyamba kutuluka, ngakhale mukuwe bwanji."

Ndinaiyang'ana nsomba ija, ndinayang'ana injini. Ndinati, "Che Amidu, bwerezani."

"Ndibwereze chiyani? Simunamve ndi makutu aakuluwo?"

Sabata yomweyo ndinatenga chitsulo chowongoka, ndinachiimika pa thabwa pafupi ndi khomo. Ndinadula mphete ku chipaipi chakale. Chinthu chilichonse chotsegula chinapatsidwa mphete yake, yopachikidwa pomwepo. Ukatsegula mafuta, utenge mphete yake uitunge pa chitsulo. Ukayatsa injini, mphete yake pamwamba pa inzake. Choncho mpaka geti. Tsono makina afere pamene afera, iwe usaganize. Pita pa chitsulo, chotsa mphete ya pamwamba, katseke chinthu chake, uipachike. Bwerera, chotsa yotsatira. Chitsulo chikatsala chokha, ndiye kuti palibe chimene wasiya chotsegula. Njira imodzi basi, ya imfa zonse. Chimene sunatsegule sichikhala pa chitsulo, ndipo chimene unatsegula sichingakuthawe.

A Zimba ataona anaseka mpaka kugwira bondo. Anati, "Anthu inu mwandichotsera minga kumapazi." Iwo ndi amene anati tipake penti mphete zikuluzikulu, kuti ngakhale munthu wobwera kudzatipumitsa asasokoneze. Penti anali wosowa ngati mchere wa chaka cha njala, ndiye tinakokota zitini zotsala m'sitolo. Ya mafuta tinapaka wakuda, poti mafuta amadetsa. Ya injini wofiira, poti ndi moto. Ya geti wobiriwira, poti madzi ake ndi a mpunga. Timphete ta timipopi tinatisiya choncho. Palibe mmodzi wa ife anaganiza china chilichonse. Ndikulumbira.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kunenepa. Dizilo ankasowa, lamba tinkasoka ndi waya, sefa tinkatsuka yomweyomweyo, injini inkafa ndithu, koma palibe chinang'ambika. Che Amidu ankati, "Mutu wanga ndaupachika pa chitsulo ichi. Ine ndi manja chabe, Alihamudulila." Mawu amenewo muwasunge, chifukwa abweranso.

Chaka chimene mayi anu anali ndi pakati pa Tiyanjane

Kunamveka kuti kukubwera nduna kudzaona madzi akulowa m'minda yatsopano. Sikimu yonse inagwedezeka. Amayi ankaphunzira nyimbo, miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, ndipo anthu analamulidwa kutchetcha udzu wonse wa m'mbali mwa mtsinje kuti maso a alendo asakhumudwe. Udzuwo, posowa kokautaya msanga, ankangoukankhira m'madzi.

Litatsala tsiku limodzi, tcheyamani wa chipani wa dera lathu, a Nthala, anabwera kudzayendera ndi anyamata awo. Anali munthu wonyamula ndodo ngakhale miyendo inali yabwinobwino. Analowa injini ikulira, anayang'ana denga, anayang'ana pansi, ndipo maso awo anaima pa chitsulo. Anakodola a Zimba. Anakodola ine.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza monyadira, poyesa kuti andiyamikira. Anandidula ndi ndodo.

"Ndikufunsa mitunduyi. Wakuda, wofiira, wobiriwira. Mukuidziwa?"

Pamenepo m'pamene ndinaona. Inali mitundu ya mbendera ya dziko. Ndipo poti mafuta ndiwo ayamba, yakuda inali pansi, yobiriwira pamwamba.

"Mbendera ya dziko, mwaizondotsa. Miyendo m'mwamba. Tsiku ndi tsiku, m'nyumba ya boma. Ndani anakutumani?"

A Zimba anavula chipewa, munthu wophunzira, nati, "Atcheyamani, n'zongothandiza kukumbukira, sitinaganize..."

"Ndiye vuto lakelo, simunaganize. Kapena munaganiza kwambiri." Anazula mphete zonse, injini ikulira, nazibwezera ndi dzanja lawo: yobiriwira pansi, yofiira pakati, yakuda pamwamba. "Mawa ndizipeze chonchi. Ndikazipeza mwina, mukafotokozera kumene anafotokozera Filimoni."

Atachoka ndinati, "Bwana, tingozichotsa." A Zimba anati, "Akapeza palibe adzati tabisa umboni." Ndinati, "Tisinthe penti." Anati, "Penti yense wapita ku zipata za alendo, ngakhale kadontho kulibe. Ndi tsiku limodzi lokha, Yohane. Mawa mukayatsa muziike mmene akufunira, koma mitu yanu ikhale maso." Ndinatembenukira kwa Che Amidu, chifukwa m'mawa mwake inali nthawi yawo. Ndinati, "Mwamva? Mawa chitsulo chikhala chabodza. Kukachitika kanthu, geti liyambe." Anati, "Ndamva, Inshaala sikuchitika kanthu." Koma ndinaona mmene ankachiyang'anira chitsulo chija, ngati munthu amene wauzidwa kuti mawa asakhulupirire mkazi wake.

Mayi anu madzulo amenewo anandifunsa chimene ndinkasiyira chakudya. Ndinati m'mimba. Anati, "Bambo a Esinati, inu mukakhala chete ndiye kuti kunja kwaopsa."

Kutacha tinayatsa bwinobwino, tinazondotsa mphete monga mwa lamulo, ndipo ine ananditenga kukaima pamzere wa antchito kumtunda, pamene chipaipi chimathira m'ngalande. Ovololo yochapa, manja kumbuyo. Nduna inafika, amayi anavina, madzi ali phwaa kutuluka, oyera bwino. Nduna inayamba kulankhula. Munthu akamalankhula wamkulu chotero sunkayenera ngakhale kukanda pamene pakuyabwa. Anyamata a chipani ankayenda kumbuyo kwa mizere kuyang'ana amene sakuwomba m'manja.

Anthu onse ankamvera nduna. Ine khutu linali kumunsi. Ndipo ndinamva. Injini inapepuka mawu, ngati munthu amene amulanda katundu pamutu, kenaka pampu inayamba kulira mokwetekweta. Ndinayang'ana pa chipaipi: madzi ayamba kuchepa, akutuluka modukizadukiza, ndi timaudzu. Udzu uja! Unali utatseka sefa ya kumtsinje. Pampu ikayenda yopanda madzi imapsa, ndiye Che Amidu ayenera kuzimitsa tsopano lino. Ndipo ndinawadziwa Che Amidu. Mantha akafika, mutu wawo unali pa chitsulo.

Ana anga, pamenepo ndinaima pakati pa mikango iwiri. Ndikachoka pamzere nduna ikulankhula, ndanyoza boma pamaso pa anthu. Ndikakhala, pampu ing'ambika, mpunga wa midzi yonse ija uuma, ndipo galimoto idzatenga Che Amidu, mwinanso ine pamwamba pake. Ndinaganiza za mimba ya mayi anu. Ndinayang'ana a Zimba, iwo anayang'ana pansi. Ndinamva pampu ikuliranso.

Ndinathamanga. Ndinagunda mnyamata wa chipani amene anafuna kundigwira, anagwera m'ngalande. Ndili pakati pa mtunda ndinaona kudzera pakhomo Che Amidu ali ndi mphete m'manja, akupita ku mpopi wa mafuta. Yakuda. Kufika sindikanafika. Ndinatsegula kukamwa kumene Mulungu anandipatsa.

"Amiduuu! Yakuda ayi! Taya yakudayo! Yobiriwira iyambe!"

Akuti nduna inasiya kulankhula. Akuti ngakhale ng'oma zinaleka. Che Amidu anadzidzimuka, mphete inagwa m'manja, anathamangira ku geti. Nditafika tinapukusa tonse awiri mpaka linatsekeka. Tinamasula lamba, tinazimitsa injini, timipopi, ndipo pomaliza mafuta. Chipaipi chinangogunda kamodzi, pang'ono, n'kukhala chete. Pampu inali yotentha koma yamoyo.

Titatembenuka, pakhomo panali a Nthala ndi anyamata awo, wina akudontha madzi. Mphete yakuda inali pansi, m'matope a oyilo.

"Ndani wazimitsa madzi a nduna? Ndani wakuwa kuti yakuda itayidwe?"

Che Amidu anatsegula pakamwa, chifuwa chawo chija chikulira. Ndinawaponda phazi. Ndinati, "Funso lachiwirilo, atcheyamani, ngakhale a kutali ku Chitala akhoza kuyankha. Ndine. Loyambalonso ndine. Awa amangomvera ine."

Ananditengera kupolisi ku boma. Anandilanda lamba ndi nsapato, anandiika m'kachipinda ka zenera laling'ono loyang'ana pabwalo. Pabwalopo panaima galimoto, mphuno yake italoza msewu wa ku Lilongwe. Tsiku lonse ndinkangoiyang'ana. Wina akayandikira chitseko chake, ndinkati basi, akubwera kudzanditenga. Ndinkaganiza kuti mwana adzabadwa, adzayamba kuyenda, adzafunsa kuti bambo anali wotani, ndipo anthu adzayankha monong'ona. Munthu amene ndinamupeza m'menemo anandifunsa mlandu wanga. Nditamuuza kuti ndi wa mbendera, anasuntha n'kukakhala kukona ina.

Chakumadzulo kunalira wezulo. Wapolisi mmodzi anapita pa mtengo wa pabwalo kukatsitsa mbendera. Ine ndinaimirira, poti ndi mmene tinazolowerera, ndipo ndinkangoyang'ana chifukwa panalibe china choyang'ana. Mbendera inatsika pang'onopang'ono. Wapolisi anatambasula dzanja kuti isakhudze pansi. Chimene chinayamba kufika m'dzanja lake chinali chobiriwira.

M'mawa mwake ndinali pazenera wezulo isanalire. Anaimangirira, anakoka chingwe. Chakuda ndicho chinatsogola kukwera.

Ananditulutsa dzuwa litakwera, kupita nane kwa mkulu wa apolisi. A Nthala anali pampando, ndodo pamiyendo. A Zimba anali chiimire pakhoma, maso ofiira, ndipo ananena molimba mtima kuti sefa ayeretsa, madzi akukwera, pampu ili moyo chifukwa cha ine. Mkulu uja anati zimenezo wamva, koma nkhani imene ili patebulo ndi ya mbendera. "Uli ndi mawu?"

Mawu anga sadziwa kunjenjemera. Ndinati, "Bwana, ine sindinaphunzire, ndiye mundithandize. Mbendera ikamakwera m'mawa, umatsogola ndi mtundu uti?"

Anandiyang'ana. Anati, "Wakuda."

"Nanga ikamatsika, wapolisi wanu amayamba kulandira uti?"

Anaitana wapolisi uja, namufunsa. Iye anawomba sawasha, nati, "Wobiriwira, bwana."

Ndinati, "Ndi zimene timachita ku pampu, bwana. Poyamba ntchito, wakuda atsogole. Poweruka, wobiriwira ayambe kutsika. Dzulo mphete zinaikidwa kuti wakuda ayambe kutsika, ndiye ndinakuwa. Mbendera imene imatsika mutu uli pansi, ine sindinaionepo."

Mkulu wa apolisi anatembenuka pang'onopang'ono, nati, "Atcheyamani, kapena mukuti wapolisi wanga amalakwitsa tsiku ndi tsiku?" A Nthala anayang'ana ndodo yawo. Anati nkhani ya mitundu ikhoza kukhala kusamvana chabe, koma munthu uyu anathawa pamzere nduna ikulankhula, ndipo anagwetsera mwana wa chipani m'madzi. Mkulu uja anati, "Pa chimenecho, asaonekenso ku sikimu." Anandiponyera lamba wanga. Manja anakanika kumanga, anandimangira ndi a Zimba.

Chaka chimene anabadwa Tiyanjane

Ananditumiza kumtunda, cha ku Chitala, kukayang'anira kainjini ka pachitsime, kakang'ono ngati mbuzi. Kuchoka pa pampu imene inkamwetsa midzi, kudzakhala mbusa wa mbuzi! Zinandiwawa, sindinama. Mayi anu anakwera lole ndi mimba yotopa, miphika pamiyendo, ndipo njira yonse sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Anangoti, "Bola tikupita tonse." Iwe Tiyanjane unabadwira kumeneko, ndipo amene anathamanga kukaitana azamba ndine, ndi miyendo yanga, osati kumva m'maloto ndili kundende. Komabe kwa nthawi yaitali galimoto ikaima pafupi ndi nyumba, ndinkayamba ndayang'ana kumene kuli nsapato zanga.

Nthawi yokolola itapita, tsiku lina masana ndinaona njinga ikukwera kamtunda ka kuchitsime, mwini wake akuikankha, akutsokomola. Che Amidu. Pa kaliyala panali thumba la mpunga. Anati alimi a ku sikimu asonkha, aliyense kambale, koma dzina la munthu asatchule.

Ndinafunsa za chitsulo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati a Zimba anachizula pa thabwa, nachiwotcherera kudenga, choloza pansi, ndi kambedza kogwira kunsonga. Tsopano mphete umailowetsa chokweza. Yakuda iyamba, ikwera pamwamba. Yobiriwira itsiriza, ikhala pansi, pafupi ndi dzanja. A Nthala akabwera amaima n'kuigwedezera mutu, ati tsopano anthu aphunzira ulemu.

"Ndiye n'chimodzimodzi!" ndinatero.

"Walahi n'chimodzimodzi. Koma tsitsani mawu, Che Yohane, mukufuna akusamutsireni kuti tsopano?"

Mayi anu pokhuthula thumba lija anapeza chinthu cholimba pakati pa mpunga. Inali mphete yobiriwira, yakale ija, penti atayamba kusupuka. Che Amidu anati anadula ina yatsopano, iyi ndi yanga. Ndinati, "Mwachita bwino kubweza kwa mwini nzeru." Anati, "Mwini nzeru ndi nsomba. Inu munangokuwa."

Ndi mphete imene mumaiona pa msomali wa kuseri kwa chitseko, imene iwe Limbani unafuna kukagulitsa kwa a zitsulo zakale. Tsopano wadziwa chimene ndinakuwira mpaka agalu a mudzi wonse anauwa. Ndikadzapita, musaiike m'bokosi langa. Ikhale pomwepo, pafupi ndi dzanja la amene atsiriza kutuluka.